Kabati Imene Ndinagula pa Pasaka

Anagogoda Lachinayi m'mawa, 6 koloko itangodutsa. Amuna anga ndi amene anatsegula chitseko cha nyumba yathu ku Walsall, m'dziko la England. Panali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anatchula dzina langa bwinobwino, ngati anachita kuyeserera m'galimoto, nati akundimanga pondiganizira kuti ndalanda katundu wa munthu wokalamba amene ndinkamusamalira. Unyolo sanandiveke. Anapempha chikwama changa, ndipo m'kathumba kam'mbali anapezamo kiyi wamng'ono ndi pepala lopinda.

"Izi ndi zanu?"

"Ndi zanga," ndinatero.

Ndifotokoze za pepalalo. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo viza yanga inali m'manja mwa kampani imene inandilemba. Kwa zaka ziwiri ndinkapita ku Edgbaston kwa bambo wina wachiyuda, woyendera ndodo, amene akazi awo anamwalira kale. Ndinkawatchula kuti agogo. Iwo anafunsa tanthauzo lake kamodzi, nalivomera.

Pa chipembedzo chawo, masiku asanu ndi atatu a Pasaka Myuda sadya chofufumitsa. Izi ndinkazidziwa kuchokera m'buku la Eksodo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti saloledwa ngakhale kukhala mwini wake. Buledi, mabisiketi, ngakhale mowa wopangidwa ndi tirigu kapena balere, amayenera kudya, kutaya, kapena kugulitsa kwa munthu yemwe si Myuda phwando lisanayambe. Chikapezeka kuti chinali chake m'masiku amenewo, chimakhala choletsedwa mpaka kalekale: sangachidye, sangachigulitsenso.

Agogo anali ndi kabati ya zinthu zotere. Munali mabisiketi ndi ufa, komanso mabotolo a wisiki amene anagula ndi malemu akazi awo, ati adzatsegula pa ukwati wa mdzukulu wawo. Chaka chimenecho anapempha kuti wogula ndikhale ine. Lachitatu m'mawa kunabwera a Rabi, mtsogoleri wa sunagoge wawo, nandiwerengera pepala kawiri, pang'onopang'ono. Ndinapereka paundi imodzi ya chikole. Yotsalayo ndikanalipira phwando litatha, ngati ndikanafuna kusunga katunduyo. Tinagwirana chanza, ndipo anandipatsa kiyi.

Agogo anandikoka dzanja. "Mwana wanga, awa si masewera. Ngati mumtima mwako ukuti zinthuzi zikadali zanga, ndiye kuti ndidya Pasaka ndi tchimo m'nyumba. Wagula kapena sunagule?"

"Ndagula, agogo."

Ndinkadziwa kuti wosamalira saloledwa kugula kanthu kwa amene akumusamalira. Ndinali nditawauza abwana anga pafoni, iwo nati za chipembedzo zilibe vuto. Cholakwa changa n'chakuti sindinapemphe kuti alembe. Masana a Lachitatu lomwelo, mnzanga wa shifti ina anaona kabati yokhoma itamatidwa pepala la dzina langa. Anajambula, natumiza ku ofesi. Ofesi inaimbira mwana wa agogo, amene amakhala kunja kwa dziko ndipo za sunagoge anasiya kale. Iye anamva za wisiki ndi paundi imodzi, naimbira apolisi.

Kupolisi anandilanda foni, lamba, zingwe za nsapato ndi mphete. Wolemba mayina anandifunsa chipembedzo changa. Nditati ndine Mkhristu, anayang'ana pepala lija, nandiyang'ananso. M'chitokosi munali benchi, matiresi opyapyala ndi bulangete. Kamera inali pakona ya denga, moyang'ananso kuchimbudzi. Zimenezo ndinazizolowera pofika madzulo.

Loya amene anandipatsa anafika 11 koloko. Anali mayi wachifundo, wotopa. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anati:

"Njira yachidule ilipo. Mukanene kuti unali mwambo chabe, pepala lopanda mphamvu, ngati sewero. Simunatenge kanthu, kabati ikadali m'nyumba mwawo. Mukatero mwina mugona kwanu lero. Koma mukati munaguladi, mwavomera nokha kuti munatenga katundu wa ndalama zambiri kwa nkhalamba ndi paundi imodzi. Kampani ikuchotsani, ndipo viza yanu mukudziwa pamene yamangiriridwa."

Ndinafunsa ngati mawu angawo adzafika kwa agogo.

"Adzawawerengera, inde."

Ndinaganiza za amuna anga, amene chilolezo chawo chokhalira kuno chinkadalira changa. Mantha ndinali nawo. Koma agogo anandifunsa maso ndi maso, ndipo ndinawayankha. Ndikanasintha mawu, bwenzi ndikunama pamalo amodzi mwa awiri: pamaso pa agogo, kapena pamaso pa apolisi.

"Ndinagula," ndinauza loya. "Ndikanena zomwezo."

Anapumira m'mwamba, nalemba.

Kufunsidwa kunayamba 2 koloko, makina ojambula mawu atayatsidwa. Wofunsa anali bambo waulemu, wosakweza mawu.

"Kabatiyi ndi ya ndani lero?"

"Zam'katimo ndi zanga."

"Mukhoza kumwa wisiki ameneyo mutafuna?"

"Sindimwa mowa. Koma nditafuna, ndikhoza."

"Mukhoza kukagulitsa?"

"Ndikhoza, bola ndilipire mtengo wotsala."

"Mayi, mukumva zimene mukunenazi? Ndikukupatsani mpata. Zinali zenizeni kapena zongoyerekeza?"

"Zenizeni. Zikanakhala zongoyerekeza, sakanandifuna ine."

Funso limenelo anandifunsa m'njira zosiyanasiyana kwa ola lathunthu. Ndinapempha kuti afunse eni ake. Anati apita kunyumba kwa agogo, apeza kokhoma, ndipo foni ya a Rabi ikungoitana. Ndinawafotokozera kuti agogo anatengedwa ndi banja lina la ku sunagoge kuti akadye nawo phwando, ndiponso kuti masiku awiri oyamba a Pasaka anthuwa sagwira foni, sakwera galimoto, salemba, ndipo tsiku lotsatira linali Sabata.

"Ndiye kuti mboni zanu zonse sizipezeka masiku atatu," anatero. "Zakuyenderani bwinotu."

Madzulo anandiuza kuti wamkulu wawo wavomereza kundisunga maola ena owonjezera, mpaka nkhalambayo ipezeke. Anandibweretsera tiyi ndi buledi wopaka majarini. Ndinadya. Wapolisi wamkazi amene anabwera kudzatenga kapu anaima pakhomo, nati motsitsa mawu, "Bwanji osangonena zimene akufunazo?" Ndinamuthokoza chifukwa cha tiyi. Tulo sindinatione kwenikweni, magetsi a m'chitokosi sazima onse.

Ndinali nditatumiza uthenga kwa amuna anga kudzera mwa loya, woti apite okha ku sunagoge. Lachisanu m'mawa anakwera basi, nakaima pachipata. Alonda sanawalole kulowa, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa ali ndi zifukwa zawo zoopera alendo. Anadikira panja maola atatu mpaka mapemphero anatha. A Rabi atatuluka n'kumva, sanapite n'kwawo komwe. Popeza sakanakwera galimoto, anayenda wapansi. Amuna anga anayenda nawo. Amati ulendowo unatenga pafupifupi maola awiri, kukuwaza mvula, ndipo a Rabi ankangofunsa kuti, "Wanena chiyani kwa apolisi?" Amuna anga sankadziwa.

Ine zonsezi sindinazione. Ndinangomva chitseko chikutseguka 4 koloko itadutsa. Wofunsa uja anati, "Kwabwera munthu wonyowa amene akukana kusaina chilichonse mpaka mawa usiku, koma wanena zofanana ndi zanu liwu ndi liwu. Watiuzanso kumene kuli nkhalamba ija. Takawaona. Atikalipira."

Anandibwezera foni, lamba, zingwe ndi mphete. Kiyi ndi pepala anasunga ngati umboni. Polandirira alendo ndinapeza a Rabi ataimirira, chipewa chikudontha madzi.

"Mayi, anakuuzani kuti munene kuti zinali zabodza?"

"Anandiuza."

"Mukanatero sindikanakudzudzulani. Ufulu wa munthu ndi waukulu kuposa kabati."

"Ndikudziwa, a Rabi. Koma ndinagula."

Mlandu unathetsedwa patapita milungu itatu. Ntchito inandithera ndithu. Abwana anga anati za foni ija sakuzikumbukira. Ndinakhala milungu yambiri ndikulemba makalata ofunsira ntchito, ndikuwerenga masiku otsala pa viza, mpaka nyumba ina yosamalira okalamba ku Walsall konkuno inanditenga. Kutchalitchi ena anati ndinachita zopusa, kuika banja pachiswe chifukwa cha chipembedzo cha eni. Amuna anga sananenepo zimenezo, koma anaonda.

Za ufulu ndinaphunzirako pang'ono. Kuno ambiri a ife timayenda mosamala, timavomera msanga, chifukwa pepala lotilola kukhala lili m'manja mwa wina. M'chitokosi muja anandilanda zonse zimene munthu angalandidwe pakhomo, koma yankho langa sakanatha kulemba okha. Anayenera kundifunsa, ndipo nthawi iliyonse ndinayankha ine.

Apolisi atandibwezera kiyi, ndinapita ku Edgbaston, ulendo uno ngati mlendo. Pasaka inali itatha kalekale, koma kabati inali chikhomere. Agogo anakana kuti mwana wawo aithyole. Anati sangathyole katundu wa mwini. A Rabi anakhala pampando, nandifunsa mwaulemu ngati ndingalole kugulitsa zinthu zanga.

Ndinatsegula kabati, ndikuyang'ana zonse mosafulumira.

"Ndigulitsa," ndinatero, "kupatula ichi." Ndinatulutsa paketi imodzi ya mabisiketi. "Iyi ndisunga. Mundiuze mtengo wake."

Agogo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako ananditchulira mtengo wa kusitolo, osachotserako kanthu. Ndinalipira. Mabisiketiwo anali atayamba kufewa, koma ndinadya atatu m'basi yopita ku Walsall, otsalawo ndinakawapatsa amuna anga.