Kaseti ya Mphunzitsi wa Masamu

Ananditumiza ku Mambwe chapakati pa zaka za m'ma 1990 kuti ndizitola nkhani. Nkhani zake zinali za thonje, njovu ndi misewu yoduka. Anandipatsa theka la nyumba ya malata kuseri kwa sukulu ina, m'njira yopita ku bwalo la ndege la Mfuwe. Theka linalo munkakhala mphunzitsi wa masamu wochokera ku Kitwe. Khoma lotilekanitsa silinkafika kudenga. Akatsokomola ndinkamva. Akaika kaseti yake m'wailesi ndinkamvanso, kaya ndifune kaya ndisafune.

Kasetiyo anapatsidwa ndi makanika wachizungu wa pa kampu ina ya alendo ku Nkwali, amene ankabwerera kwawo. Anati ndi nyimbo zotchedwa death metal, zojambulidwa ndi anyamata anayi a dziko lina lozizira, m'chipinda chapansi pa nyumba, iwo asanatchuke. Sinali ya m'sitolo. Anthu ankangokoperana, uyu kwa uyu, ndipo pofika kwa ife inali itatopa. Dzina la gululo linalembedwa pamanja, zilembo zolukanalukana ngati minga. Sindinathe kuliwerenga.

Poyamba pankamveka mkokomo ngati wa mvula ikali kutsidya. Kenako gitala, wokukuta ngati sowo ikudya mtengo wa tsanya. Ng'oma zinkathamanga ngati chigayo chimene chimanga chatha koma injini sanazimitse. Woyimbayo ankabangula kuchokera m'mimba, ndipo panalibe liwu ndi limodzi lomwe lomveka. Pena wina ankalakwitsa, chingwe n'kulira kuti tswii, anzakewo osaima. Mabatire akayamba kutha zonse zinkatsika, kubangulako n'kufanana ndi mvuu. Mphunzitsiyo ankawayanika padenga masana kuti apezeko mphamvu.

"Achimwene, mumamvamo chiyani m'menemu?" ndinamufunsa tsiku lina, ndili mbali yanga ya khoma.

"Mvetserani bwino," anayankha. "Chipinda chawocho chilibe zenera. Phokoso likusowa potulukira."

Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuchoka. Mkazi wake anali namwino ku Kitwe, ndipo mwana wawo anabadwa bambo ali kuno. Chaka ndi chaka ankapempha kuti amusamutse, ndipo yankho silinkasintha: apezeke kaye wolowa m'malo mwake. Wa masamu wofuna kutsikira kuchigwa kuno sankapezeka. Mvula ikagwa msewu wa ku Chipata unkasanduka phala, moti ngakhale pa tchuthi ankakhala pomwepo. Chotuluka chinali ndege ya alendo, imene inkadutsa pamwamba pa denga lathu.

Nthawi imeneyo mphekesera za usatana zinali ponseponse. Amayi opita ku mjigo anamva kasetiyo, ndipo posakhalitsa kunamveka kuti aphunzitsi amasunga chinthu cholankhula m'nyumba. Komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano.

Ine ndinada nkhawa. Iye anakondwa. Anali atamvapo za mphunzitsi wina wa kwinakwake amene anachotsedwa msangamsanga makolo atadandaula zotere. Anayamba kutsegula mazenera onse ndi kukweza wailesi mpaka pothera. Anagula mabatire atsopano.

"Akakufunsani, chonde musandiikire kumbuyo," anandiuza. "Nenani kuti simugona."

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa, m'kalasi lake lomwe. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, malata akuotcha pamutu. Wapampando anali mlimi wa thonje, munthu wamfupi wosakweza mawu. Anaika wailesi patebulo pamene pankaima oimbidwa mlandu.

"Kuno sitiweruza ndi zongomva," anatero. "Chinthucho chilankhule chokha. Ndipo mboni sitiidula pakamwa. Wofuna kutuluka atuluke panopa."

Palibe anatuluka. Anamvera mbali yonse yoyamba ya kasetiyo, thukuta likuyenderera. Khanda lina linalira, mayi wake analiyamwitsa osadzuka. Kaseti itaima ena anapuma, koma wapampando anafunsa ngati mboniyo yamaliza. Mphunzitsi anati ili ndi mbali ina. Anaitembenuza, ndipo tinamveranso.

Woyamba kulankhula anali bambo amene ankaimba ng'oma pa maukwati.

"Wang'omayo manja ali nawo," anatero. "Koma akuthawa ndani?"

Anthu anaseka. Mayi wina anati woyimbayo amupatse madzi otentha a mandimu asanathe pakhosi. Ndinaona mphunzitsi akuuma nkhope. Sizinkayenda momwe ankafunira.

Mkulu wa mpingo anaimirira. "Aphunzitsi, ife Chizungu chotere sitimva. Akunena chiyani anyamatawa?"

Apa ndi pamene ankadikira. Analankhula mokweza kuti ndi apakhomo omwe amve. "Akunena za imfa. Manda. Mitembo yowola. Kuyambira poyamba mpaka pothera, imfa yokhayokha."

Kenako mayi wa mandimu uja anagwira tsaya.

"Kani ndi nyimbo za maliro! Kwawoko amalira choncho?"

"Mwaferedwa, aphunzitsi?" anafunsa wina. "Bwanji osatiuza?"

"Sindinaferedwe ayi. Ndimangozikonda. Ndimazikonda kwambiri!"

"Munthu samvera maliro tsiku ndi tsiku popanda chomupweteka," anatero mkulu wa mpingo, akukhala pansi. "Ife tikuti satana, mwana wa eni akulira yekha m'nyumba."

Wapampando anatembenukira kwa ine. "Inu a nyuzi, mumagona naye denga limodzi. Amadya?"

Ndinanena zoona, kuti amadya pang'ono, ndipo ineyo sindigona bwino. Gawo lachiwirilo palibe amene analisamala.

Chigamulo chinali chachifupi. Aphunzitsi alibe mlandu. Olakwa ndi makolo, chifukwa anasiya mlendo wopanda munda, wopanda womuchezera. Komiti idzauza akuluakulu a maphunziro kuti mphekesera zija zinali zabodza ndipo makolo akumufuna mphunzitsi wawo. Adzamupatsa munda, abambo adzamuswera mphanje. Kaseti asunge, koma Lamulungu izipuma.

Mphunzitsi anaimirira nathokoza, akuomba m'manja mwaulemu monga anachitira onse. Maso ake anali pazenera.

Potuluka ndinayenda limodzi ndi wapampando. Ndinamufunsa ngati akukhulupiriradi kuti zija ndi nyimbo za maliro.

"A nyuzi," anatero osandiyang'ana, "wa sayansi anachoka mvula ya dzana. Mwamuona womulowa m'malo? Uyu akapita, masamu muphunzitsa ndinu?"

Lolemba mphunzitsi ataweruka, wapampando anabwera kudzamutenga kukamuonetsa malire a munda uja. Ndinawatsatira. Mphunzitsi anali atavala nsapato za kuntchito, ndipo dothi lakuda linkamatirira mpaka zinalemera. Wapampando ankaloza ndi khasu: kuchokera pachulu icho, kutsika mpaka pamfuleni, kubwerera ku mtengo wa bwemba. Unali munda waukulu, woposa wa wapampando mwini.

"Thonje limatenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mphunzitsi.

"Mudzala ndi mvula yoyamba, mutola kukazizira," anatero wapampando. "Koma chaka chino musayembekezere zambiri, zitsa zikadalimo. Munda wotere umakoma zitsa zikaola."

Anamupatsa khasu lija, ndipo iye analilandira ndi manja awiri.