Paini wa Bambo ku Magaleta

Fungo la matabwa a paini a bokosi la maliro a mkazi wanga likundikumbutsabe ku Magaleta, kwawo kwa amayi, kumene bambo anali mkamwini. Chaka chilichonse ankadzala paini kuseri kwa nyumba, ine n'kumathirira mbande ndi chitini chodontha.

Amayi atamwalira, amalume anabwera ndi ocheka matabwa.

"Alamu, chonde, mitengoyi ndinadzalira anawa," anatero bambo.

"Nthaka ndi yathu. Takusudzulani, dzipitani kwanu basi."

Bambo anachoka ndi kachikwama kokha. Ine ndinkayesa akwiya chifukwa ndinaumitsa mbande zina, ndiye ndinkathirira zitsa kuti abwerere.

Tsopano alamu anga andiitana kuti tikambirane za mitengo yomwe ndinadzala kwawo. Nkhwangwa ndanola kale, ndikagwetsa ndekha.