Mitu ya Tanaposi ya Alamu Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pomwe anandipatsa udindo womwe munthu wanzeru sakanandipatsa. Anandisandutsa mthenga pakati pa amayi ndi alamu anga.

Kwathu kuno, m'midzi ya kuseri kwa Mitundu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira m'tchire. Sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi, ndipo mawu ofunika amadutsira pakamwa pa munthu wina. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma amayi anga, a Naphiri, anazigwira zolimba. Alamu a Yotamu, a ku Nathenje, atakwatira asisi anga a Esinati anadzamanga kanyumba kuseri kwa khola lathu la nkhumba. Kuyambira pamenepo amayi akafuna kunena kanthu ankauza asisi, asisi n'kukauza amuna awo, chonsecho onse atatu ali pabwalo limodzi, wina akatsokomola mnzake akumva. Ine ndinkaonerera ngati sewero, mapazi akundiyabwa.

Chaka chimenecho alamu anapempha chitengwa, ndiye kuti awalole kutenga mkazi wawo kukakhala naye kwawo, komwe mayi awo okalamba anatsala okha. Bambo athu anamwalira ine ndili wakhanda, ndipo ngakhale akanakhalapo, nkhani ngati imeneyi wogamula ndi atsibweni, alongo awo a amayi, eni mbumba. Atsibweni anati abwera Lamulungu lina kudzaona okha ngati mkamwiniyo ali munthu woti n'kumupatsa mwana kuti apite naye kutali. Alamu anayamba kuonda. Ankadzuka mbandakucha, kusesa bwalo lomwe silinali lawo, kukonza denga la nkhokwe lomwe silinkadontha.

Ine sindinkafuna kuti apambane. Asisi akachoka, mjigo ukhala wanga, mbale zanga, nkhumba zanga. Komanso asisi okha ndi omwe ankadziwa kuima pakhomo n'kunena kuti "Tadala sindinamuone," ine ndili pansi pa bedi lawo.

Tsoka la alamu linamera kudimba. Amayi anawapatsa dimba lathu kuti adzalemo masamba, iwo n'kukagula mbewu ya tanaposi m'sitolo ina ku Nathenje. Poyamba zinayenda bwino, tinkathyola masamba n'kuphika ndi tomato monga mwa masiku onse. Kenaka kunsi kwa mbewu iliyonse kunayamba kutupa. Inatuluka mitu yonga chibakera, yoyera m'munsi, pamwamba pake yofiirira ngati khungu la biringanya. Ife tanaposi timamudziwa wa masamba basi. Amayi atapita kukathyola ndiwo anabwerako atagwira pakamwa.

Sabata yomweyo asisi anaitanidwa ku Nathenje kukadwazika apongozi awo malungo, ndipo anati abwerera Lamulungu lobwera atsibweni lija pamodzi ndi ankhoswe a kuchimuna. Pakhomo panatsala anthu awiri osalankhulana, ndi ine.

"Iwe Tadala," anatero amayi, "kawauze alamu ako kuti zotupa zawozo azule, aponyere nkhumba, atsibweni ako asadzazione. Adzale mpiru wa anthu."

Ndinathamanga. Kuchoka kunyumba kukafika kudimba si kutali, koma uthengawo unafika utasintha zovala.

"Alamu, amayi akuti mitu ija muzule koma musataye. Akuti atsibweni amaikonda koopsa yowotcha. Akuti Lamulungu muwotche ndi manja anu, ikhale ndiwo za alendo."

Alamu anaika ndowa pansi, madzi n'kuwagavikira m'mapazi.

"Ine? Kuphikira eni mbumba? Mlamu, usandinamize."

"Ngati ndikunama kafunseni nokha."

Anatembenuka n'kuyang'ana kunyumba, komwe amayi ankapeta nyemba pakhonde. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkadziwa, iwonso ankadziwa, kuti miyendo yawo singawafikitse pakhonde paja. Anatola ndowa yawo n'kunena kuti, "Kawauze kuti ndamva." Uthenga umenewo ndinakaupereka wathunthu, osachotsa kapena kuonjezera. Madzulo amayi atazungulira kudimba anapeza mbee, n'kuyamika kuti mwana wa eni ake ndi womvera. Mitu yonse inali m'thumba, m'nyumba mwa alamu.

Masiku otsatirawo sindinkakhazikika. Kusukulu mpando unkanditentha, belu likangolira ndinkayamba ndine kutuluka pageti, kuthamangira kukaona alamu akuvutika kuseri kwa nyumba yawo. Poyamba mitu ija anaikwirira m'phulusa ngati mbatata. Inatuluka kunja kuli makala, mkati muli gwa, fungo lake ngati la kabichi wogona.

"Akazi anga aang'ono, talawani," anatero, pakuti ankanditchula choncho akafuna kundinyengerera.

Ndinaluma n'kulavulira kutali. Inali yowawa, yoluma pammero, misozi n'kulengeza. Mumtima ndinkavina. Ndinkawaona kale atsibweni akulavula pamaso pa alendo, n'kunena kuti munthu wotere akhale pompano tizimuyang'anira.

"Tapita ukafunse," anandichonderera alamu, "amasenda kapena sasenda?"

Ndinakaima kuseri kwa nkhokwe, kuonerera nyerere zikukoka chiwala, kenaka n'kubwerera.

"Akuti munthu wamkulu wofuna chitengwa safunsa zinthu zazing'ono ngati zimenezo."

Anagwira mutu. Koma munthu uja sanagonje, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa masamu. Anayamba kusenda. Anaduladula timagawo tonga tchipisi ta pachiwaya ku Mitundu, koma tonenepako. Anathira timafuta pang'ono ndi mchere, n'kusakaniza ndi manja. Anaika m'poto pambaula ya moto wofatsa, n'kuvundikira, pamwamba pa chivundikiro n'kuikapo makala ngati mmene asisi ankachitira pophika chigumu. Ankavundukula, kutembenuza, kuvundikiranso, thukuta lili kamukamu. Amayi akaona utsi ankangoti, "Osauka, akudziphikira okha," n'kundipatsira ndiwo kuti ndikawapatse.

Loweruka anavundukula poto, ndipo fungo lomwe linatuluka linandiopsa. Timagawo tija tinali titapsa bwino, tofiira m'mbalimbali, tofewa mkati. Kuwawa kuja kunali kutathawa, kutatsala kutsekemera kwina kwake kobisala, kaukali kali patali. Ntchito yake inali yochepa kuposa kutendera masamba.

"Zoipa," ndinatero. "Onjezerani mchere wambiri."

"Zoipa? Nanga bwanji dzanja labwereranso m'poto?"

Lamulungu titaweruka kutchalitchi atsibweni anafika pa njinga yamoto ya kabaza, atavala jekete ngakhale kunali dzuwa la mu Okutobala. Posakhalitsa anafikanso asisi ndi ankhoswe a ku Nathenje, bambo wamfupi wokonda kuseka. Amayi anali atapha nkhuku. Amuna anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ife akazi kukhitchini. Ine sindinakhalitse kukhitchini. Ndinakwera mugwafa wa pafupi ndi bwalo, pomwe ndinkaona zonse.

Atangosamba m'manja, alamu anatulukira atavala shati yoyera, mbale yovundikira ili m'manja. Anagwada n'kuiika patsogolo pa atsibweni.

"Bambo, zija mumakonda zija ndi izi."

Atsibweni anavundukula, n'kuyang'anitsitsa. Chibadwire anali asanazionepo. Koma munthu wamkulu anganene bwanji pamaso pa alendo kuti sakudziwa chinthu chomwe amachikonda? Anangoti "Eee, chabwino," n'kutola kamodzi. Ankhoswe aja poganiza kuti ndi chakudya cha ulemu cha ku Mitundu, anatolanso. Onse ankatafuna mwakachetechete, aliyense akuyang'ana mwamseri nkhope ya mnzake. Ine m'mwambamo ndinaluma nthambi kuti ndisaphulike.

"Koma mwaphika bwanji lero?" anafunsa atsibweni mochenjera. "Zikukhala ngati mbatata, komanso ngati si mbatata."

"Ndi mitu ya tanaposi ija, bambo. Apongozi ananditumizira mawu kuti ndikuwotchereni."

Nthawi imeneyo amayi anali atagwada chapatali, akupereka madzi akumwa kwa asisi kuti akaike pamphasa. Jagi inagwa. Anadzuka, n'kuyenda molunjika, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire asisi anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Ine ndinati nkhumba! Ndinati muponyere nkhumba zimenezo!"

Atsibweni anali ndi kagawo m'kamwa, osadziwa kuti ameze kapena alavule.

"Nkhumba, Naphiri?" anafunsa pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ine ndadya chakudya cha nkhumba? Pamaso pa alendo?"

Kuseka kwa ankhoswe kunauma. Asisi anaphimba nkhope ndi chitenje. Apa ndiye ndinaona kuti masewera anga akula kuposa msinkhu wanga, chifukwa nkhani sinalinso ya chitengwa chokha. Mkamwini wotukwana eni mbumba amatha kumulozera njira ya kwawo, yekha, mkazi n'kutsala. Alamu anali chigwadire. Anakweza maso n'kundipeza mugwafa muja. Tinayang'anana. Ndinadikira kuti anditchule.

"Pepani bambo," anatero. "Mwina makutu angawa ndi omwe sanamve bwino."

Asisi ndi omwe sananyengeke. Anavundukula nkhope, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Uthengawo anapititsa ndani? Tadala! Tsika mumtengomo, mfiti iwe!"

Ndinatsika, mawondo atachita zikande, n'kukagwada kumapeto kwa mphasa.

"Amayi ako anakutuma kuti chiyani?" anafunsa atsibweni. Ndinanena.

"Iwe unakanena kuti chiyani?" Ndinanenanso, mawu ndi mawu, mpaka zija za munthu wamkulu wosafunsa zinthu zazing'ono.

"Chifukwa?"

"Asisi akapita ku Nathenje, mbale azitsuka ndani?"

Ankhoswe anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsamwa, alamu n'kumawamenya pamsana. Atsibweni sanaseke. Anameza chomwe chinali m'kamwa chija, anayang'ana mbale, n'kutolanso kagawo kena. Anakaviika mu msuzi wa nkhuku n'kutafuna mosafulumira, tonse tikuwayang'ana kukamwa.

"Naphiri, khala pansi," anatero. "Munthu uyu anauzidwa zamisala m'dzina lako. Sanadandaule, sanathawe, anakalimbana nazo mpaka zadyeka. Lero kamwana aka kamuika pamoto, iye wakana kukatchula. Ine ndinabwera kudzaona ngati angasunge mwana wathu. Ndaona. Esinati, uyambe kulongedza."

Kenaka analoza amayi ndi alamu ndi fupa la nkhuku.

"Ndipo inu awiri muzilankhulana. Ulemu wanuwo taonani mthenga yemwe wakupezerani."

Alendo atapita amayi anandigwira khutu kuchokera pamtengo wa mango mpaka kukhitchini, ndipo linatentha mpaka mawa lake. Anati ndikapepese. Ndinapita kwa alamu, ndinaima pakhomo, ndinatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka n'chakuti, "Zatsalako?" Anandipatsa poto kuti ndikokote.

Asisi anasamuka mvula isanagwe. Katundu anakwera pangolo mpaka pamsewu. Ndinawaperekeza ndikuimba nyimbo zachipongwe njira yonse kuti asaone kuti zikundiwawa, ndipo pobwerera ndinadzera njira yaitali.

Pano ndili Fomu 4. Amayi ndi alamu amaimbirana foni, amacheza za feteleza ndi za adzukulu mpaka batire kutha, ndipo patchuthi ndikapita ku Nathenje ndimapeza mzere umodzi wa tanaposi wa mitu m'dimba mwawo, wodzala dala. Chomwe ndinatolapo n'chakuti anthu awiri akamalemekezana mpaka kuopa kufunsana, amene amalamulira pakhomopo ndi yemwe wayima pakati pawo, ngakhale akhale mwana wa zikande m'mawondo. Ndinaphunziranso kuti munthu wofatsa si woti uzimutchera msampha, chifukwa amakhala mumsamphamo modekha mpaka anthu ayambe kumuyamikira.

Amayi amati mpaka lero sindinalape, ndipo sakunama. Chomwe ndimadandaula n'chimodzi chokha. Ndinalakwitsa kunena kuti awotche. Ndikanati awiritse, bwenzi asisi ali konkuno. Ndinayesapo yowiritsa, ndipo ngakhale atsibweni ndi jekete lawo sakanaimeza.