Khadi la Abiti Saidi Lilibe Sitampa

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndimasonkhanitsa makhadi akale a positi. Ndimawasunga m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi ena amene anasiya malemu mkazi wanga, a Nasimango.

Lachiwiri ku Nsanama ndinakumana ndi mayi wina wogulitsa mtedza, timutche Abiti Saidi. Anamasula pachitenje makhadi atatu ochokera ku Joni.

"Tengani, bambo. Ndi a Che Amini, amene anali amuna anga. Ine ndikawaona mtima umachita kuwira."

"Iyayi mayi, zotere sataya."

"Sataya? Mwana wathu atadwala ndinawatumizira khadi ku Joniko. Analemba ndi akazi anu omwe, paja ine cholembera sindichidziwa, ndipo anati akaliponya okha ku positi. Yankho ziii, mpaka tinaika maliro. Atabwerako akuti sanalandire kanthu. Bodza! Ndinawaponyera chikwama panja. Ali ku Nayuchi uko, akukalamba okha."

Nditafika kunyumba ndinatsegula chitini. Muli khadi lina la chithunzi cha sitima ili pamlatho, limene ndakhala ndikulionetsa alendo zaka zonsezi. Kuseri kwake ndinali ndisanawerengepo, chifukwa zolemba za malemuwo zimandivuta kuziyang'ana.

Tsiku limenelo ndinalitembenuza. Dzina la Che Amini. Mawu ochepa: mwana wadwala kwambiri, bwerani. Sitampa palibe, chidindo palibe.

Ndiye kuti bambo uja sananame.

Kodi a Nasimango anaiwala? Munthu amene sankaiwala ngakhale tsiku lobatizidwa la mwana wa mnansi? Kodi mvula inadula msewu wopita ku positi ya ku Balaka? Kapena mwanayo anatsogola khadi lisanapite, iwo n'kuchita manyazi kuulula? Ndapemphera, ndafunsa, koma amene akanandiyankha ali chete.

M'midzi mwathu muno ambiri amalankhula ndi abale awo akutali kudzera m'manja mwa ena: mphunzitsi, katekisiti, mwalimu wa ku mzikiti, mayi wa mvano. Munthu amakuuza zakukhosi, iwe n'kupinda pepala n'kunena kuti ndikaponya mawa. Ndi angati mwa ife amene mawa lathulo lidakali m'thumba la jekete? Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, komatu pepalanso likagwa m'chitini siliyankhula.

Ndikawaonetsa Abiti Saidi, Che Amini ayera, mwina awiriwa n'kupatsanako moni asanafe. Koma dzina la a Nasimango, amene mayiyu amawatchulabe kuti achemwali, lida, ndipo sangadziteteze. Ndikakhala chete, bodza limene silinali langa likhala langa.

Loweruka ndinafika mpaka pamsika, khadi lili m'Baibulo. Ndinagula mtedza n'kubwerera.

Abiti Saidi sawerenga nyuzipepala. Koma ku Nsanama alipo amene amawerengera anzawo. Inu amene mwawazindikira mayiwa, muwawerengera tsamba lino, kapena nanunso mulipinda n'kunena kuti mawa?