Uthenga Wopita kwa Atelala

Za usikauti ine sindinazifune, anachita kundisenzetsa. Ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse a pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Balaka, wosakwatira, ndiye akuluakulu anaona ngati Loweruka langa likungopita pachabe. Anandipatsa wenzulo, kabuku ka malamulo ka m'Chingerezi ndi anyamata makumi awiri opanda nsapato. Nthawi imeneyo Bwanamkubwa anali akadali ku Zomba, sitima ikuyendera malasha.

Mabaji ena sanativute. Baji yoyatsa moto ndi machesi awiri anyamata ankangoiseka, poti anthu ake anakulira kudambo akuwotcha mbewa. Yovuta inali baji ya mthenga. Mnyamata ankapatsidwa mawu apakamwa, kuthamanga nawo kwa munthu amene watchulidwa, kukawanena osasiyako kanthu, ndi kubwera ndi yankho ola lisanathe. Kabuku kankati mthenga aziima chilili, zidendene pamodzi, ayang'ane munthu m'maso, achite sawasha ngati msilikali, anene zimene wabwerera basi. Ine kabukuko ndinakameza konse ngati katekisimu. Ana amene amayi awo anawalera kuti pamaso pa wamkulu azigwada ndi kuzyolika, ine Loweruka lililonse ndinkawawongola pansi pa mtengo wa mango. Amene wayang'ana pansi ankazungulira bwalo kawiri.

M'gulumo munali mnyamata wina wa ku Liwonde amene ankakhala kwa amalume ake kuti aziphunzira. Anali wamkulu pa onse, wamphamvu, koma wachibwibwi. Akaima chilili n'kundiyang'ana m'maso, lilime linkangouma. Mawu osatuluka. Anzake onse anali ndi baji imodzi kapena ziwiri pamkono wa malaya, iye analibe ngakhale imodzi, chifukwa mayeso aliwonse ankafuna kuyankha pakamwa. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza. Bambo ake anali atanena kale kuti sukulu ikatsekera abwerere kwawo azikathandiza kuponya maukonde mu Shire. Tsiku lina anatsalira anzake atapita, nandiuza movutikira kuti akufuna baji imodzi yokha yoti akawaonetse amayi ake. Ine m'malo momulimbitsa mtima ndinamuuza kuti baji saipempha, ayambe waphunzira kuyang'ana anthu m'maso. Mawu amenewo amandichititsa manyazi mpaka lero.

Woyesa anabwera pa sitima kuchokera ku Limbe, mzungu wowonda, wofiira mawondo, Chinyanja chake chomveka ndithu. Anasankha anyamata atatu, wachibwibwi uja womaliza. Anandifunsa ngati kumasitolo kuli munthu wodziwika woti uthenga ukamupeze. Ndinatchula atelala achikulire, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye moyang'anana ndi siteshoni. Kuwachenjeza kuti kukubwera ana sindinaganizeko n'komwe. Uthenga unali wakuti: kusoka timipango ta m'khosi ta anyamata makumi awiri kungafune mayadi angati a nsalu, ndipo tingathe tsiku liti? Mzungu anatulutsa wotchi ya m'thumba, nawatumiza mmodzimmodzi motalikitsa nthawi.

Woyamba anabwera ali wefuwefu, theka la ola litangopitirira pang'ono. Anaima chilili, sawasha yokongola, ine mtima kuti myaa. Mzungu anafunsa yankho.

"Sanayankhe, bwana. Amangopalasa makina."

Wachiwiri anafika mofulumira kuposa mnzake. Iyenso manja lendelende.

"Anangofunsa munthu amene anali pambali kuti kodi asilikali amenewa akufuna yani."

Ola linakwana, wachitatu osaoneka. Mzungu ankayang'ana wotchi, kenaka msewu, kenaka ine. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti mwana uja waima pakhonde paja kukamwa kuli yasa, anthu a pa siteshoni akumuseka. Ndinamukwiyira, ndinadzikwiyiranso pomulola kulowa mayeso.

Patapitanso kanthawi anatulukira pa mpanda wa khonje akuthamanga, chinangwa chowotcha chili m'thumba la kabudula. Atafika pamaso pa mzungu anagwada pansi, maso pa fumbi. Ndinamunong'oneza mwaukali kuti aimirire, koma mzungu anakweza dzanja kuti ndimusiye.

Mnyamata anayamba pang'onopang'ono. Ankakodwa apa ndi apo, koma mawu ankatuluka.

"Atelala akuti moni. Akuti nsalu ikakhala ya mulifupi mwabwino, mayadi asanu ndi awiri akwana. Ikafika Lolemba, timipango titha Lachinayi, chifukwa Lachisanu iwo sasoka."

Anaima kaye, nandiyang'ana chakumbali.

"Pali enanso, bwana. Koma ndi a aphunzitsi."

"Nena onse," anatero mzungu.

"Akuti aphunzitsi anuwo abwere okha, adzafotokoze kuti anakulira kuti, poti akuphunzitsa ana kuimirira pamutu pa akuluakulu ndi kuwatuzulira maso ngati adya nawo m'mbale imodzi."

Anyamata onse anagwira pakamwa. Wina kumbuyo analephera kupirira, anaphulika, ndiye gulu lonse linatsatira. Mzungu anatembenuka ngati akuyang'ana phiri, koma mapewa ankagwedezeka. Ine ndinazyolika, wenzulo ili pakhosi.

Mzungu anamufunsa chimene anachedwera. Mnyamata anafotokoza kuti atafika pakhonde paja mantha anamugwira, zonse zimene ndinamuphunzitsa zinathawa m'mutu. Anangochita za kwawo: anagwada chapatali, nadikira kuti atelala amalize msoko. Iwo ataimitsa makina anamulonjera m'Chiyao, namufunsa kwawo. Zinapezeka kuti atelalawo amawadziwa bambo ake, anagulako chambo kwa iwo padoko la ku Liwonde. Anafunsa za amayi, za madzi a mu Shire chaka chimenecho, namupatsa chinangwa, ndipo pokana panalibe. Atatha zonsezo m'pamene anati, "Nanga watumidwa chiyani, mwanangu?" Ndipo pamene ankakodwa sanamuthamangitse, ankangolowetsa ulusi mu singano.

Nthawi inali itapitirira, zimenezo panalibe wotsutsa. Mzungu anatsegula kabuku, nawerenga chamumtima, natseka. Anati anatuma anthu atatu, koma uthenga unafika ndi mmodzi, yankho linabweranso ndi mmodzi yemweyo, lathunthu, ngakhale mbali imene wina akanaibisa. Anabweza wotchi m'thumba, natulutsa kabaji ka nsalu yobiriwira. Mnyamata analandira ndi manja awiri. Awiri othamanga aja anauzidwa kuti adzayesenso, ndipo sabata yonse anzawo ankawaseka kuti fulumira adadya gaga, ngakhale wolakwa weniweni tonse tinkamudziwa.

Lolemba titaweruka ndinapita kumasitolo, mnyamata ali pambuyo panga ndi malaya ake a sikauti m'manja. Ndinavula chipewa, ndinanjuta pansi pa khonde, kabudula wanga wositasita ali m'fumbi. Atelala anandiona bwinobwino, koma anasoka kolala yonse mpaka kumapeto, nadula ulusi ndi mano, kenaka n'kutembenuka.

"Ndinu aphunzitsi aja?"

"Ndine, bambo. Ndabwera kudzapepesa."

"Iyayi, dzukani, khalani pa mpandopo. Mawondo muli nawo, ndawaona. Ndimayesa kumishoni anakuchotsani."

Anaseka mpaka kutsokomola, Mmwenye naye kusuzumira pazenera kuti amve nkhani. Kenaka anatenga malaya a mnyamata uja, nayeza pamkono ndi chala, nasokerera baji ija mizere iwiri kuti isadzathothoke pochapa kumtsinje.

Pobwerera tinatsata njanji. Sindikudziwa chimene chinamumasula, koma mnyamata uja anayamba kundifotokozera za kwawo: momwe amadziwira pamene pali mvuu usanafikepo ndi bwato, ndi momwe amayi ake amakazingira matemba. Zaka zitatu ndinali naye m'kalasi, sindinkadziwa kuti ndi wanthabwala chotero. Ankakodwa kwambiri, mawu ena ankatenga nthawi yaitali kuti atuluke. Ndinayenda pambali pake maso anga ali pa njanji, ndipo sindinamumalizire liwu ngakhale limodzi mpaka tinafika pa sukulu.