Nilda ndi Ampulifaya Yozimira pa Zalewa

Ku malire a Mwanza, kuseri kwa malo oimikapo mathiraki, kuli kashopu ka Nilda, mayi wokonza mawailesi. Makolo ake anathawa nkhondo ya ku Mozambique iye ali kumsana, ndipo anzawo pobwerera iwo anatsala. Ntchitoyi anaiphunzira poonerera bambo ake, koma mtima wofuna kudziwa chifukwa cha chilichonse ndi wobadwa nawo.

Tsiku lina aYakobe, dalaivala wa minibasi ya ku Blantyre, anaima pakhomo pake atakwinya nkhope.

"Achemwali, ampulifaya yanga yayamba matsenga. Ponyamuka imaimba bwinobwino, koma ndikangodutsa pa Zalewa, zii! Ndikapuma ku Blantyre, yadzukanso yokha."

Nilda anasuzumira kuseri kwa mpando wa dalaivala, komwe kunali ampulifayayo. Anapeza kuti aYakobe anawonjezera masipika awiri kumbuyo, n'kupotera mawaya ake pamodzi ndi a masipika akale, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda.

"Onani apa pa ampulifaya, alemba kuti maomu anayi, muyezo wa mmene masipika amapingira magetsi," anatero Nilda. "Mukalumikiza chonchi maomu amatsika kufika pa awiri. Magetsi amapeza njira yotakasuka, ampulifaya imakoka ambiri, ndiye imatentha. Ikafika posapirira imadzizimitsa yokha kuti isapse."

"Ndiye ndichotse? Apasenjala akumbuyo amadandaula kuti samva."

Wina akanangodula mawayawo basi. Koma Nilda zinamuvuta mumtima: bwanji pa Zalewa pokhapokha? M'mawa mwake anatseka shopu n'kukwera minibasiyo, dzanja lili pa ampulifaya njira yonse. Mayi wina anamufunsa ngati wabisapo kanthu.

Potsetsereka kuchoka ku Mwanza inali yofunda chabe. Atayandikira mtsinje wa Shire, mphepo yolowa pawindo inasanduka ngati yochokera mu uvuni. Atayamba zitunda, injini, yomwe ili pansi pa mpando wakutsogolo, inatenthetsa chitsulo chonse chapansi. Pamenepo kondakitala anakankhirapo thumba la mtedza, n'kutseka mpata wa mpweya. Nilda anachotsa dzanja msangamsanga, nyimbo n'kuduka. Anaseka yekha, apasenjala n'kumamuyang'ana modabwa.

Atabwerako anasamutsira ampulifayayo pansi pa mpando wapakati, kutali ndi injini. Anaikweza pa timatabwa kuti mphepo izidutsa kunsi, anaimangira kafani ka kompyuta yakufa, anasintha waya wa ku batire n'kuika wonenepa, kenako anachepetsako besi, kugunda kwa nyimbo kokoka magetsi ambiri. Nyengo yonse yozizira nyimbo zinkafika ku Blantyre osaduka.

Koma kutentha kwa Okutobala kutafika, aYakobe anabweranso.

"Yayambiranso, achemwali. Pano ikununkhanso ngati pulasitiki wopsa."

Nilda ananunkhiza, n'kupukusa mutu. "Fani imangochotsa kutentha, achimwene, koma katundu wa ampulifaya siimupeputsa. Tikapitiriza tiipha."

Analumikiza masipikawo motsatizana, waya kuchoka pa ina kulowa pa inzake, kuti maomu akwere. Phokoso linachepa, aYakobe anang'ung'udza, koma patapita masiku anavomera kuti makutu awo asiya kulira akaweruka.

Masiku ano amene amadzaza pakhomo pa Nilda ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Tete, komwe dzuwa limaotcha kuposa kuno. Iye amawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwasiya afotokoze ulendo wonse, sikuludalaiva ikadali m'thumba.