Njuchi ya m'Makina Ometera

Malume anga anayamba kumeta anthu ali mnyamata, m'kachipinda ka galasi long'aluka ndi mpando umene anagula kwa dokotala wa mano. Ntchito ankaidziwa, koma ana ankawaopa. Makina akangoti zuuu, mwana ankakuwa ngati waona njoka.

Tsiku lina kunabwera kamtsikana kolira kwambiri, mayi ake atakagwira manja. Malume anazimitsa makina.

"Iwe, ukudziwa chimene chikulira m'makinamu? Ndi Zunguzi, njuchi ya kumitambo. Imadya tsitsi lokha, khutu imadana nalo."

Kamtsikana kanasiya kulira. Kenako kanafunsa, "Nanga ikakhuta?"

"Imagona. Tiye tiidyetse."

Kuyambira pamenepo nthano zinachuluka, ndipo malume anazindikira kuti dzina lokha limagwira ntchito. Akafuna kuti mwana akhale duu pamene akumeta kuseri kwa khutu, ankaitana Gubudugudu, chimphona choyenda kuti di! di! di! chimene chimaona ogwedezeka okha. Akafuna kuti aweramitse mutu, kunkabwera Lelelani, kambalame ka nthenga za thonje kotera pankhongo mwa phee.

Akazi a malume anadandaula kuti Gubudugudu akuopsa ana, ampatse dzina lofatsa. Malume anamvera, n'kumutcha Filifili. Mwana woyamba kumva dzinalo anaseka chikhakhali, mutu uku ndi uku, makina n'kulambula msewu pakati pa mutu.

"Akulu, sitayilo yanji imeneyi?" anafunsa bambo a mwanayo.

"Yangofika kumene, bambo."

Anamumeta mpala basi, ndipo chimphona chinabwezeredwa dzina lake tsiku lomwelo.

Patapita zaka, aphunzitsi ena a sukulu ya mkaka, amene ankabweretsa mwana wawo, anapempha kuti nthanozo zilembedwe m'kabuku. Malume ndi cholembera sagwirizana, choncho ndinkalemba ndine, iwo akulankhula uku akutsuka zipeso. Tinakangana pa mapazi a chimphona.

"Malume, di! di! wakwana. Pepala likutha."

"Mphwanga, awiri ndi munthu wonenepa chabe. Chimphona ndi atatu."

Ndinalemba atatu.

Masiku ano maso a malume afooka, moti amameta m'mawa mokha. Lachisanu lililonse amawaitana kusukulu kuja kuti akawerengere ana kabukuko. Amakagwira mwaulemu, nthawi zina chadodolido, n'kuyamba nthano ina imene mulibemo. Ana akawadzudzula, amati magalasi aiwala kunyumba.